Dzanja Lamanja la Ackim

Lenia anapita kwa Che Sefu kukayezetsa diresi. Linali Lachitatu, ndipo Loweruka la sabata yomweyo abale a malemu mwamuna wake ankayenera kubwera kuchokera ku Chileka kudzamusudzula. Akatero, iye akhala mfulu. A Smart, kalipentala amene ankatsogolera kwaya, anali atalembetsa kale ukwati wawo kutchalitchi, ndipo diresilo linali la tsiku la ukwatiwo.

Che Sefu ankasoka pakhonde la sitolo ya mmwenye pa Lirangwe. Pambali pa makina awo panali galamafoni, imene ankati imaitana anthu kuposa kusoka kwawo. Pa mfundo imeneyi aliyense ankagwirizana nawo.

"Kwezani mikono, mayi," anatero Che Sefu, tepi ili m'khosi. "Ukwati wachiwiri sufuna diresi yothina. Munthu amakhala atadziwa kale kuti m'banja mumafunika popumira."

"Ingoyezani, Che Sefu. Ulaliki tikamva Lamulungu."

Atalemba miyezo pachikutiro cha buku, telalayo anapukusa galamafoni n'kutulutsa mbale ya nyimbo m'chipepala chake.

"Iyi ndagula dzana ku Limbe. Yatsopano, yafika kumene kuchokera ku Halale. Mulibe woimba, gitala yekha basi. Ndinkati andibera, koma tamverani."

Singano inayamba yakanda kaye, ngati mvula ikamayesa malata. Kenako gitala analowa.

Lenia anali atawerama kuti anyamule dengu lake. Sanalinyamule.

Chala chachikulu cha woimbayo chinkayenda pa nsambo ziwiri zikuluzikulu, iyi kenako iyo, iyi kenako iyo. Nsambozo sizinkalira momasuka. Mwini wake ankazigwira pakamwa ndi mphepete mwa chikhatho, moti zinkangogunda pansipansi ngati mtondo wa m'mudzi wa tsidya lina. Ndipo pa kugunda kwachitatu kulikonse chalacho chinkachedwa pang'ono, pang'ono kwambiri, monga amachitira munthu wosenza mtolo akamaoloka pamiyala: phazi lili m'mwamba, akuyang'ana poponda. Womvera ankaganiza kuti nyimbo igwa. Siinkagwa. Pamwamba pa zonsezi chala chimodzi chokha, cha mkombaphala, chinkatola nyimbo pa nsambo zing'onozing'ono, chikukokera m'mwamba.

Lenia anali atamva chala chimenecho masana aliwonse kwa zaka zinayi.

Ackim anabwera kwawo kwa Lenia ngati mkamwini atanyamula khasu, mpando wa ndalema ndi gitala, ndipo amalume ake a Lenia ataona katunduyo anati pa zitatuzo chimodzi chokha ndicho chidzathe msanga, ndipo si khasu. Sananame kwenikweni. Ackim ankalima, koma akaweruka kumunda ankakhala pakhonde kuimba mpaka mthunzi wa nyumba utafika pankhokwe. Pakamwa sankaimba, ankati mawu ake ndi a khwangwala. Chaka chimene Chitaganya cha Rodeshya ndi Nyasalande chinayamba anakwera sitima pa Lirangwe pomwepo kupita kumigodi ya ku Rodeshya, mwana wawo Grace ali kumsana. Makalata anabwera zaka ziwiri ndi theka. Kenako kunabwera kalata yotayipa, yonena kuti mwala unagumuka pansi pa mgodi, ndipo mwa amene anatsalira komweko munali mwini chitupa cha nambala yakutiyakuti, Ackim wa ku Chileka. Popeza mtembo panalibe, abale ake anakulunga thunthu la nthochi m'nsalu n'kuliika m'manda. Lenia analira, anametedwa, anavala zakuda. Tsopano panali patapita zaka ziwiri.

Mbale itatha, Lenia anafunsa kuti, "Alemba dzina lanji pamenepo?"

Che Sefu anaiyandikiza kumaso. "Zuberi. Zuberi wa ku Nyasalande. Mwina ndi wa kwathu ameneyu, ndiye chifukwa chake akudziwa ntchito."

"Ibwerezeni."

"Mayi, singano zimatha izi."

"Ibwerezeni, chonde."

Anaibwereza. Ulendo uno Lenia anasiya dzanja lamanja n'kumvera lamanzere, ndipo apa mpamene mtima wake unasokonezeka. Ackim ankadina nsambo ndi nsonga za zala, n'kumazikankhira cham'mbali mpaka zilire ngati zikufunsa funso. Woimba uyu sankadina. Ankatsetsereka pansambo ndi botolo, kaimbidwe kamene anyamata a ku Chileka ankakatcha hauyani. Ackim ankadana nako. Ankati botolo ndi la anthu oopa matuza.

Lenia ananyamula dengu n'kupita kwawo. Sanauze munthu aliyense.

A Dyton, mkulu wake wa Ackim, amene analinso nkhoswe ya ukwatiwo, anafika Lachisanu m'mawa pa njinga kuti agone konko n'kukonzeka za Loweruka. Ndiwo anaphunzitsa Ackim gitala. Lenia anawapatsa madzi, anadikira kuti afunse za Grace ndi za mvula, kenako anati, "Alamu, musanavule nsapato, tiyeni tikafike pasitolo."

"Mukufuna ndikugulireni chiyani, mlamu? Mawa lomweli mukhala wa eni ake, akuguliraniko okha."

"Ndikufuna makutu anu."

Che Sefu atawaona anayamba kupukusa galamafoni asanauzidwe. A Dyton anakhala pa benchi, chipewa chili pabondo. Gitala atangolowa, chala chawo chachikulu chinayamba kugunda pachipewacho, mofanana bwinobwino ngati wotchi. Pa kugunda kwachitatu chinapezeka chatsogola chokha, mbale itatsalira m'mbuyo. Anayesanso, chinatsogolanso. Anasiya, napinda dzanjalo.

Mbale itatha anati, "Akutha ndithu mnyamatayu. Koma si iyeyo."

"Ine sindinatchule munthu, alamu."

A Dyton anayang'ana kumsewu, kumene ngolo ya ng'ombe inkadutsa. Che Sefu anapeza mwadzidzidzi kuti ulusi wawathera, nalowa m'sitolo.

"Ackim sankagwira botolo," anatero a Dyton. "Inu mukudziwa. Ankanditukwana nalo ine amene."

"Ndikudziwa."

"Ndiye basi. Oimba gitala kumigodi ndi ambiri ngati nyerere. Amakhala m'chipinda chimodzi, wina amaba chala cha mnzake. Mwina Zuberi ameneyu ankagona pafupi naye."

"Inu munagona naye mphasa imodzi zaka khumi ndi zisanu. Mwalephera kumutsatira pachipewa pomwepa."

A Dyton anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Kuchedwa kumene kuja ndinkamumenya nako. Ndinkati, iwe, ovina akugwera. Iye ankati ovina aphunzire kudikira."

"Nsambo yaikulu ija mwaimva?"

"Ndaimva."

"Waimasula mpaka ikuchita ngati ikukhudza thabwa. Ndani wina amachuna choncho?"

"Aliyense amene gitala wake ndi wopindika khosi."

Lenia anapita yekha pagalamafoni. Anali asanaigwirepo chibadwire, koma anali ataona mmene Che Sefu ankachitira. Anapukusa, naika singano chapakati pa mbale.

"Mverani apa. Iyi ndi nyimbo ija ankaimba akamabwera kodula nsungwi. Pamene ikutsikapa ankathamanga ndi zala zitatu, ta-ta-ta, n'kufika pansi chala chachikulu chisanagunde. Tsopano mverani."

Botolo linatsika pansambo, mawu amodzi aatali, okoka, onjenjemera kumapeto. Linali lokoma, mwina kuposa zala zija. Koma linafika mochedwa, ndipo chala chachikulu chinaima n'kulidikira. Panali kampata kakang'ono kopanda kanthu, kokwana mpweya umodzi, kenako zonse ziwiri zinagwera pamodzi.

"Wa hauyani weniweni amagoneka gitala pamiyendo, manja ake onse anakulira limodzi, sadikirana," anatero Lenia. "Uyu dzanja lamanja likudziwa liwiro lakale. Lamanzere ndi limene silingathenso. Likupita komwe zala zinkapita, koma zalazo palibe."

A Dyton anatembenuza chipewa pabondo, ndipo Lenia anapitiriza.

"Akanakhala kuti anajambula mwala usanagwe, tikanamva zala. Alamu, bambo a Grace anatuluka mumgodi muja. Anasiyamo zala, koma anatuluka."

Anachoka pasitolopo osatsanzika. Anayenda m'mbali mwa njanji, a Dyton akukankha njinga. Atapitirira pasiteshoni, pamene panalibe anthu, a Dyton anaima.

"Zitupa amasinthana kumeneko," anatero motsitsa mawu. "Wina akathawa kwa bwana woipa amabwereka cha mnzake, mnzakeyo n'kutenga chake. Ndinaziona ndili ku Halale. Amene anafa ndi chitupa cha Ackim mwina ndiye Zuberi weniweniyo, ndipo kwawo akumudikirabe."

"Ndiye mwavomera."

"Ndavomera kuti ndili ndi makutu. Koma mvetserani, mlamu. Munthu wataya zala, watenga dzina la wakufa, wakhala zaka ziwiri osalemba ngakhale mzere umodzi. Njira ya kupositi akuidziwa. Ameneyo wanena kale mawu ake. Inu mawa ingokhalani pamphasa, mutu pansi, ine ndilankhule zanga, mudzuke mfulu. Ndani adzadziwe? Sefu?"

"Nanga amayi anu?"

"Amayi analira kale. Mukufuna alirenso kachiwiri, kuti mwana wawo ali moyo koma sawafuna?"

"Sindikudziwa chimene ndikufuna. Koma abusa adzandifunsa pamaso pa mpingo ngati pali choletsa."

"Adzafunsa mpingo, osati inu."

"Ine ndidzakhala ndili momwemo."

Masana a tsiku lomwelo Lenia anapita kushedi kwa a Smart. Anawapeza akupala chitseko. Anali munthu wodekha, wamasiye ngati iye, amene pomufunsira anayamba wafunsa ngati Grace amakonda mpando wautali kapena waufupi. Lenia anafotokoza zonse ataimirira pakhomo, kuyambira pa chala chachikulu mpaka pa botolo. A Smart anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anachotsa zipalo pa pulena ndi chala.

"Mayi a Grace, ine nyimbo ndimaidziwa. Ndimawerenga do re mi. Nyimbo ikalembedwa, aliyense angathe kuiimba."

"Iyi siinalembedwe."

"Gitala ndi gitala."

"Inu mukaona chitseko, simudziwa amene anachipanga?"

A Smart anayang'ana chitseko chawocho nthawi yaitali. "Ndimadziwa," anatero. "Koma kalata ya imfa ili m'kabati ya kutchalitchi. Akulu a mpingo anaiwerenga, anailandira. Palibe amene akunama. Inu simunalembe kalatayo."

"Ndikanena, chichitike n'chiyani?"

"Mukudziwa. Ukwati wanu woyamba unadalitsidwa. Mwamuna ali moyo, sangatimangitse wina. Tikalowana choncho, atidula mgonero tonse awiri, ine kwaya ndisiya." Anaika pulena pansi. "Ndakhala mumpingo umenewu chibatizidwire. Bambo anga anasenza njerwa zake pamutu atangofika kuchokera ku Mozambiki. Chonde, taganizani bwino. Mwamva kulira kwa waya pa mbale yokanda. Musagwetse nyumba chifukwa cha zimenezo."

Lenia anati wamva. Sanalonjeze kanthu.

Loweruka m'mawa anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Kumbali ina kunakhala a kwawo kwa Lenia, kumbali ina a Dyton ndi azibale awiri amene anafika m'mawa womwewo. A Isaki, mkulu wa mpingo, anapatsidwa mpando. A Smart anakhala chapatali pang'ono, monga munthu amene nkhaniyo sinamufikebe. Pakati anaikapo katundu wa Ackim woti abwerere kwawo: khasu, mpando wa ndalema, jekete limene njenjete zinali zitayamba kale kugawana.

A Isaki anapemphera. Kenako a Dyton anaimirira, nayamba ndi mawu amene anthu amayembekezera pa mwambo wotere. Anathokoza mudzi posunga mbale wawo. Anati mayi uyu anasamala mwamuna wake ali moyo, namulira atamwalira, ndipo iwo alibe naye chifukwa. Ankalankhula mofulumira, osayang'ana kumphasa ya amayi.

"Tsono popeza m'bale wathu anatisiya, ife lero tabwera kuti..."

"Alamu, pepani."

Mkazi wosudzulidwa salankhula. Azakhali ake anamugwira chitenje, koma Lenia anali atagwada kale.

"Pepani nonse. Bambo a Grace sanamwalire. Ali moyo ku Rodeshya, akutchedwa dzina lina."

Onse analankhula nthawi imodzi. Amalume ake anafunsa ngati walandira kalata. Anati ayi. Ngati wina wamuona. Anati ayi. Atanena za mbale ya Che Sefu, mmodzi wa alendo a ku Chileka anaseka mokweza, ndipo azakhali anati mwanayu wagwidwa ndi mantha a ukwati, zimachitika, mumupatse madzi.

A Isaki anakweza dzanja. "Mwana wanga, pa mbale imeneyo watchula dzina lake? Walankhula?"

"Ayi, abambo. Wangoimba gitala."

"Ndiye ukudziwa bwanji?"

"Ndi dzanja lake."

"Mpingo sungayende pa zimenezo." A Isaki anatembenuka. "A Dyton, inu ndinu mwini m'bale, ndipo ndimamva kuti zoimbaimbazi mumazidziwa. Mbaleyo mwaimva?"

"Ndaimva."

"Ndi m'bale wanu?"

A Dyton anali chiimirire. Anayang'ana Lenia, ndipo Lenia anayang'ana pamphasa. A Dyton akanati ayi, nkhani ikanathera pomwepo. Anthu anali okonzeka kukhulupirira mwamuna. Anapukuta pakamwa ndi chikhatho.

"Ndinamuphunzitsa ndine," anatero. "Chilichonse chimene ndinamupatsa ndingathe kuchiimba. Koma pali china chimene sindinamupatse, chimene ndinalephera kumuchotsa, ndipo palibe wina angachibe. Chili pa mbale imene ija. Ndi Ackim."

Amene anaseka uja anavula chipewa, kenako anachivalanso, posadziwa ngati uthenga wotere umafuna chipewa kapena ayi.

"Ndiye palibe chosudzula," anatero amalume ake a Lenia. "Mkazi ndi wanu, a Dyton. Mutiuze tichite naye chiyani."

"Ndisudzuleni ndithu," anatero Lenia. "Koma musandisudzule kwa wakufa. Mundisudzule kwa munthu wamoyo amene anasankha kusabwera. Ndamudikira zaka zisanu, ziwiri mwa izo ndili m'zakuda. Sindimudikiranso."

Ankhoswe a mbali zonse anapita kuseri kwa nkhokwe. Anakhalako nthawi yokwana kuphika nyemba theka. Atabwerera, a Dyton analankhula pang'onopang'ono, mawu amene sanawakonzekere. Anati m'bale wawo walakwira mudzi uno. Anati iwo monga nkhoswe akumasula Lenia pamaso pa onse, ndipo Ackim akadzabwera adzafikire ku Chileka, kuno adzabwere ngati mlendo wodzaona mwana. Amalume anavomera. Azimayi sanalulutire, chifukwa panalibe amene ankadziwa ngati mpoyenera.

A Isaki anadikira kuti onse akhale pansi. "Za kumudzi mwamaliza," anatero. "Za mpingo ndi zina. Ndiyenera kukanena kwa abusa kuti chilengezo cha ukwati cha mawa chiime. Mwana wanga, wanena zoona, ndipo Mulungu wamva. Koma lamulo silisintha chifukwa munthu wanena zoona."

"Ndikudziwa, abambo."

Apa a Smart anayandikira, chipewa chili m'manja. Sanayang'ane Lenia.

"A Isaki, kudulidwako kumakhala kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Mwamunayo ali moyo, sitiwerenga miyezi."

A Smart anagwedeza mutu kangapo, ngati munthu amene wayeza thabwa kawiri n'kupeza kuti ndi lalifupi ndithu. Kenako anagwada pang'ono kutsogolo kwa amalume ake a Lenia, napepesa, nati sangathe. Ananena mwaulemu kwambiri. Kwa Lenia anangoti, "Mukanangokhala chete, mayi a Grace," ndipo sizinamveke ngati akumudzudzula. Anatsika njira ya kumishoni, a Isaki ali pambuyo pawo.

Anthu anabalalika msanga. A Dyton anamangirira mpando ndi khasu pakaliyala ya njinga, jekete anakulunga pahandulo. Katunduyo anachuluka moti kukwera sikukanatheka. Anayenera kukankha mpaka ku Chileka. Lenia anawaperekeza kufika pamsewu waukulu.

"Amayi ndikawauza ndekha," anatero a Dyton. "Ndikayamba ndawakhazika pansi."

"Mukawauze kuti akuimba bwino. Kuposa kale."

"Mwatero?"

"Kale ankathamanga kuti timuone. Pano alibe chothamangira."

A Dyton anakonza chingwe chimene chinali chokonzeka kale. "Pa mbale paja pali keyala ya kampani. Ndikhoza kulemba, mwina angamupeze. Ndilembe kuti chiyani za inu?"

Lenia anaganiza. Lole ya fodya inadutsa, onse awiri anatembenuka kupewa fumbi.

"Lembani ngati mkulu wake," anatero. "Mumuuze kuti Grace wayamba sukulu, ndipo auze anthu a kwa Zuberi kumene mwana wawo anagona. Za ine musalembemo."

Anaima pamsewupo mpaka a Dyton atakhota, kenako anabwerera kukapinda mphasa.